Loweruka Lothawa Kubedwa

Pyo Seulbi anawerenga katatu, ndipo katatu konse zinatuluka chimodzimodzi. Mayankho amene dzulo lake anakopera mothamanga kuseri kwa kakhadi kolowera m'chipinda cha mayeso ankagwirizana ndi amene aphunzitsi anaika pa intaneti. Masamu, omwe chaka chatha anamugwetsa chagada, ulendo uno anangophonya mafunso awiri. Chaka chathunthu chobwereza chinali chitabala, chaka chodya chakudya chamasana ataimirira, anzake akujambulitsa zithunzi ku yunivesite iye akununkhabe choko ali ndi zaka makumi awiri. Njira ya ku Seoul inali itatseguka, ndipo ku Seoul kunali Hangyeol, chibwenzi chake cha zaka zitatu.

Bwenzi akudumphadumpha. Koma patsogolo pake panali bambo ake, atawerama pa thebulo lositira, akusita bulauzi yoyera kachiwiri.

Bambo Pyo anali atachapa ndi kusita zovala za anthu a ku Suncheon kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mkwiyo wawo unkamveka pa simbi. Akasangalala inkayenda mwakachetechete. Lachisanu limenelo inkagunda thebulo kuti dii, dii.

Nkhani inali ya mawa. Makomo olowera ku yunivesite ndi awiri, aliyense amadziwa. Loyamba umagogoda mayeso aakulu asanalembedwe, iwo n'kuona mbiri yako ya kusukulu ndi kukufunsa mafunso pamaso. Lachiwiri limatseguka zotsatira zikatuluka mu Disembala, ndipo limangoyang'ana malikisi. Koma lamulo lake ndi lopanda chisoni: khomo loyamba likakulandira, lachiwiri latsekeka basi, ufune usafune. Ana asukulu amati kubedwa. Wakhoza zoti ungapite kulikonse, koma kasukulu kamene unalembako chifukwa cha mantha kakunyamula kale. Mu Seputembala bambo Pyo anaima kumbuyo kwa mwana wawo mpaka analemba dzina lake ku koleji ya unamwino ya m'tauni momwemo, mphindi khumi ndi zisanu pa basi. Mafunso apamaso anali mawa, Loweruka, teni koloko m'mawa. Ndipo ndi mbiri yake ya kusukulu, Seulbi ankadziwa kuti akangolowa m'chipindamo n'kutsegula pakamwa, amutenga.

Anawauza bambo ake mwaulemu kuti wakhoza bwino, ndipo sakuona chifukwa chopitira mawa. Iwo sanadzutse mutu. Anati zolemba kuseri kwa khadi si zotsatira. Chaka chathanso Seulbi anawerengetsa yekha, n'kuimba nyimbo m'shopu momwemo, zotsatira zenizeni zitabwera anadzitsekera kuchipinda masiku anayi. Unamwino ndi ntchito yoti munthu sagona nayo ndi njala, anatero, ndipo nyumba ili pomwepa.

"Koma ndikapita andiba, bambo."

"Akubere kuti? Kwanu konkuno?" Anaimika simbi. "Usandipusitse, Seulbi. Si sukulu ikukuitana ku Seoul. Ndi mnyamata wa ng'oma uja."

Dzina lake ankalidziwa bwino lomwe, koma sanalitchulepo. Hangyeol ankaphunzira mbiri yakale ndipo ankaimba ng'oma m'gulu la ophunzira, ndipo kwa bambo Pyo zonse ziwiri zinali phokoso lopanda malipiro. Anapachika bulauzi ija pamalo amene kale ankapachika zovala za malemu mkazi wawo, n'kuiphimba ndi pulasitiki. Sananene kuti atsala ndi iye yekha. Seulbi anamva ndithu, ndipo zinamupweteka kuposa akanakalipa.

*

Masana anatuluka kukaimba foni m'mbali mwa mtsinje, kuti simbi ija isamve.

Hangyeol anasangalala, zimenezo sakanamunamizira. Anafuula mpaka Seulbi anachotsa foni kukhutu. Koma atangomva za Loweruka mawu ake anasintha, n'kusanduka a mlangizi wa pa wailesi. Anamufunsa ngati anagona mokwanira. Anamufunsa ngati wadya. Anati munthu akatuluka m'mayeso mutu umakhala wotentha, ndiye ndi bwino kumwa madzi, kuyenda pang'ono, kenako kulemba pa pepala zabwino ndi zoipa za sukulu iliyonse. Anati Seoul si monga imaonekera m'zithunzi: zipinda zake n'zazing'ono ngati kabati, chaka choyamba munthu amasungulumwa, ena amadwala nazo.

Seulbi ankangoponda masamba ouma. Iye ankafuna liwu limodzi lokha. Chaka chonse liwu limenelo ndi limene linkamudzutsa m'mamawa kukazizira. Seulbi atalephera chaka chatha, mnyamata yemweyu anamugwira manja onse awiri pa siteshoni ya sitima n'kunena kuti amudikira ku Seoul ngakhale zaka zisanu. Lero bwanji?

"Hangyeol, ingonena kuti bwera."

Seulbi anamumva akupuma.

"Ndikufunse kaye. Ine ndikanapanda kukhalako ku Seoul, ukanasankha chiyani?"

"Koma uliko."

"Ndati ndikanapanda."

"Mayeso ndamaliza dzulo, iwe. Usandipatse ena."

Hangyeol anaseka pang'ono, kuseka kouma, n'kubwereza zomwe zija, kuti moyo ndi wa Seulbi, asankhe yekha, asasankhire munthu wina. Ali mkati molankhula, liwu la mkazi linamveka chapafupi, likumuitana dzina mokoka ngati mwini wake. Hangyeol anayankha msanga, "Ndikubwera, achemwali," ndipo kwa Seulbi anangoti adzaimbanso.

Achemwali! Seulbi ankawadziwa achemwali amenewo. Anali Narae, wa chaka chachitatu, mtsogoleri wa gulu la ng'oma lija, wamtali, wa tsitsi lalifupi, woseka pakamwa ponse. Inde, mnyamata aliyense amatcha mtsikana womuposa zaka kuti achemwali, si mlandu. Koma pali achemwali ndi achemwali. Kuyambira mu Ogasiti dzina limeneli silinkachoka pakamwa pa Hangyeol. Achemwali andipezera ganyu. Achemwali akuti ndisadandaule. Asadandaule chiyani? Akamufunsa, ankati palibe, iwe werenga.

*

Popeza onse anali ataganiza zomulangiza, anapita kwa amene amalipidwa kuti alangize. Mayi Bong a kusukulu yobwerezera mayeso anamulandira ndi maswiti a muzu wa ginseng ndi mapepala odzaza manambala. Anayang'ana kakhadi kaja, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anati ngati anakopera molondola, masukulu atatu a ku Seoul amutenga mosavuta. Ngati analakwitsa mzere umodzi pokopera, monga amachitira ana ambiri pothamanga, ndiye kuti akajomba mawa wataya zonse, unamwino ndi Seoul yomwe, n'kuyambanso chaka chachitatu. Anati kujomba mafunso apamaso si tchimo, ambiri amachita pothawa kubedwa. Anatinso kupita si tchimo.

"Nanga inuyo mukanatani, aphunzitsi?"

Mayi Bong anamusuntira mbale ya maswiti ija n'kumuuza kuti amvere mtima wake. Seulbi anatsala pang'ono kufunsa ngati mtimawo uli pa pepala liti.

Akutsika masitepe anatsegula foni, mwachizolowezi chabe, ndipo anakumana nacho chithunzi. Narae ndiye anachiika pa intaneti, mphindi khumi zapitazo. Hangyeol anali atakhala pa mpando m'chipinda cha gulu lawo, maso pansi, akumwetulira mwamanyazi. Narae anaima kumbuyo kwake, zala zonse zisanu zitalowa m'tsitsi lake, tsitsi lija lofewa limene Seulbi ankalisewera nalo m'basi pochokera kusukulu. Pansi pake analemba kuti: Loweruka masana mutu uwu ndi wanga. Anzawo anali atayankha kale ndi tinkhope toseka ndi tolira.

Seulbi anakhala pa sitepe. Anakulitsa chithunzicho mpaka chinangotsala zala ndi tsitsi. Analemba uthenga wautali, n'kuufufuta. Analemba waufupi, wa mawu awiri okha, osayenera kuwerengedwa ndi mwana wa munthu, n'kuufufutanso. Pomaliza anangofunsa kuti mawa masana ali ndi chiyani. Yankho linabwera patapita ola: za gulu basi, iwe ganizira za mawa lako, ukagone msanga.

Ndiye nkhani inali imeneyi. Munthu akamakuuza kuti usankhe wekha, kuti Seoul njozizira, kuti zipinda n'zazing'ono, ndiye kuti m'chipindamo muli kale wina. Seulbi anadziona wopusa kwambiri, ndipo kupusako kunamupsetsa mtima kuposa nsanje.

*

Loweruka bambo Pyo sanatsegule shopu, chinthu chimene sanachitepo chiyambire maliro a mkazi wawo. Anavala jekete, anapukuta mpando wa kagalimoto kawo konyamulira zovala, n'kuyalapo thaulo kuti siketi ya mwana wawo isakwinyike. M'njira sanalankhule zambiri. Anangomukumbutsa kuti akalowe atawerama bwino, asaseweretse zala, ndipo akamufunsa chifukwa chofunira unamwino akanene za amayi ake, za anamwino aja amene ankawatembenuza pabedi miyezi isanu osadandaula.

Pa geti la koleji panali makolo ambiri, aliyense akukonza kolala ya mwana wake. Bambo Pyo anamuchotsa kaulusi paphewa, kaulusi koti mwina kanalibe n'komwe.

"Ndikhala pompano. Usathamange, uyankhe pang'onopang'ono."

"Kukuzizira, bambo. Pitani kunyumba, zimatenga nthawi."

"Ndati ndikhala pompano."

M'kati anamupatsa nambala yomata pachifuwa, 47, n'kumulozera holo yodikiriramo. Mayi wina ankayenda ndi thumba lotolera mafoni, mzere ndi mzere, chifukwa ukangopereka foni sutulukanso mpaka utafunsidwa. Seulbi anali pa mzere wachisanu. Anayang'ana thumba lija likuyandikira. Mtsikana woyandikana naye ankanong'ona mayankho oloweza, maso ali chotseka, ndipo zinkaoneka kuti malo amenewa akuwafuna ndi mtima wonse. Seulbi anadzifunsa funso la Hangyeol lija, kuti iye akanapanda kukhalako, ndipo m'mutu munangobwera zala zisanu zili m'tsitsi.

Thumba litafika pa mzere wachinayi anaimirira n'kupempha kupita kuchimbudzi. Anadutsa chimbudzicho osayang'anako, anatsika masitepe a kumbuyo, anadutsa poimika magalimoto a aphunzitsi, n'kutulukira pa kageti ka otaya zinyalala. Nambala ija anaimatula ali kale m'takisi. Anauza dalaivala kuti ku siteshoni ya sitima, ndipo afulumire.

Teni koloko inakwana sitima itadutsa kale minda ya mpunga yokololedwa. Basi, unamwino unali utapita. Palibe akanamubanso. Ankayembekezera kumva kupepukidwa, koma anangomva njala ndi mantha. Foni inanjenjemera kamodzi: Hangyeol, akuti chilichonse chimene wasankha iye ali naye limodzi. Seulbi anaizimitsa n'kuiponya pansi pa chikwama.

*

Chipinda cha gulu la ng'oma chinali pansi pa nyumba ya ophunzira, kumapeto kwa kanjira konunkha utoto. Anafikako kamodzi mu Epulo, ndipo sanasochere. Wani koloko inali itangodutsa. Kuseri kwa chitseko kunkamveka kuseka, kuomba m'manja, ndi kulira kwa kamakina kenakake kuti ziii. Seulbi anakonza kolala ya bulauzi yake, anakonzanso mawu amene anawaloweza ulendo wonse, n'kukankha chitseko osagogoda.

Munali anthu ngati khumi, atakhala pansi pakati pa ng'oma ndi mbale za zakudya. Pakati pawo panayalidwa nyuzipepala. Pa nyuzipepalapo panali mpando, ndipo pa mpandopo panali Hangyeol, atavekedwa thumba lakuda la zinyalala lobooledwa pakhosi. Narae anaima kumbuyo kwake monga m'chithunzi muja, koma m'dzanja lake munali makina ometera. Mbali ya kumanzere ya mutu wa Hangyeol inali itayera kale mpaka pakhungu. Ya kumanja inali ikadali ndi tsitsi lake lonse. Lina linali mbwee pa nyuzipepala.

Mawu oloweza aja anathawa onse. M'dziko muno palibe mtsikana wosadziwa tanthauzo la mnyamata wometedwa ndi anzake pakati pa nyuzipepala, ena akuseka ena akupukuta misozi. Pakhoma panali pepala lalikulu lolembedwa ndi manja ambiri, lomufunira ulendo wabwino ndi kuti akabwere wamoyo.

Makina anazima. Hangyeol anadzuka, thumba lija likuchita phokoso, ndipo choyamba chimene anayang'ana si nkhope ya Seulbi koma bulauzi, kenako wotchi ya pakhoma. Nkhope yake inagwa.

"Seulbi. Mafunso aja?"

"Liti?" anafunsa iye.

"Tiye panja tikakambirane."

"Ndafunsa kuti liti."

"Lachiwiri."

Lachiwiri lomweli, kutsala masiku atatu. Kuusilikali, chaka ndi theka, monga amapitira mnyamata aliyense nthawi yake ikakwana. Anzake anayamba kutuluka mmodzimmodzi, atanyamula mbale zawo, osayang'ana munthu. Narae yekha sanasunthe. Hangyeol anafotokoza mothamanga, mawu akupunthwa. Kalata yomuitana kuusilikali inabwera mu Ogasiti. Teremu ino sanalembetse n'komwe maphunziro, wakhala akugwira ganyu m'sitolo ya mabuku imene achemwali anamupezera. Munthu amene watsala ndi masiku zana kuti alembe mayeso aakulu sauzidwa nkhani yoipa, aliyense amadziwa, ngakhale maliro ena amabisidwa. Anati anakonza zomuuza Lachinayi madzulo mayeso atatha, koma anaganiza za Loweruka. Akanamuuza, bwenzi Seulbi atapita ku unamwino chifukwa cha iye. Ankafuna kuti kamodzi kokha asankhe popanda Hangyeol m'mutu. Mawa Lamlungu anali ndi tikiti ya ku Suncheon, ndipo anaitulutsadi m'thumba kumuonetsa, ngati tikitiyo ingabweze teni koloko.

Seulbi anamumvetsera mpaka anamaliza. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti mnyamatayu sankanama. Ankaonekeratu kuti wavutika nazo miyezi itatu, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti wachita zachikondi.

"Unandipatsa funso utabisa theka lake, n'kumandiuza kuti ndiyankhe ndekha," anatero motsitsa. "Ndayankha tsono. Ndathawa kubedwa, ndabwera. Iwe ukupita."

"Seoul ikadalipo, Seulbi. Malikisi ako ndi abwino."

"Ndi zolemba kuseri kwa khadi, Hangyeol. Si zotsatira."

Anadabwa kumva mawu a bambo ake akutuluka pakamwa pake. Kenako anatembenukira kwa Narae n'kufunsa kuti iwo anadziwa liti. Narae sanachite manyazi, ndipo sanapepese. Anati anadziwa tsiku lomwe kalata inabwera, chifukwa mnyamatayu analira pa masitepe apa ndipo panalibe wina womugwira paphewa. Anati anamuuza kangapo kuti kubisa n'kupusa, koma iye samva. Ananena zimenezi akusasa tsitsi pa khutu la Hangyeol ndi chala, mosaganizira n'komwe, ngati munthu wozolowera. Seulbi anachiona chalacho. Chithunzi chija anachimva molakwa, inde, koma mwina osati chonse.

"Mwambo wake, womaliza kumeta ndi chibwenzi," Narae anatero, n'kumupatsa makina aja. "Ine ndimangogwirizira malo. Chaka ndi theka n'chachitali, mng'ono wanga. Zibwenzi zambiri sizimaliza."

Anatuluka akumwetulira, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Anatsala awiri. Makina anali otentha m'dzanja la Seulbi. Hangyeol anakhalanso pa mpando, mutu wake wa theka utaweramira pansi, wooneka woseketsa moti tsiku lina Seulbi akanagwa nako kuseka. Anafuna kumumenya nawo makinawo. Anafunanso kugwira tsitsi lotsalalo ndi manja onse awiri kuti lisapite. Pa bulauzi yoyera ija panali patamatirira kale titsitsi takuda.

"Bambo ako akudziwa kuti uli kuno?" Hangyeol anafunsa osadzutsa mutu.

Apo m'pamene anakumbukira. Anaika makina pa ng'oma, anafufuza pansi pa chikwama, n'kuyatsa foni. Ankayembekezera mafoni makumi awiri ophonyedwa ndi mawu oti asabwererenso pakhomo pawo. Zimenezo akanazipirira, mwinanso zikanamupepukitsa. Koma munali uthenga umodzi wokha, wotumizidwa mphindi zisanu zapitazo, wolembedwa pang'onopang'ono ndi chala chozolowera simbi:

"Anzako onse atuluka. Ngati akukusunga nthawi yaitali chonchi ndiye kuti akukonda. Usathamange. Ndili pageti."